Msonkho Ukasintha: Zimene Eni Nyumba za Lendi ndi Amalonda Ang'onoang'ono mu Blantyre Ayenera Kuchita

Chaka cha boma cha zachuma m'Malawi chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, ndondomeko imene idayamba mu 2022 patadutsa zaka zambiri chaka chikuyambira mu Julayi, ndipo nthawi iliyonse nduna ya zachuma ikawerenga bajeti m'Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, pamakhala msonkho wina wokwera, wina wochotsedwa, komanso malire ena a ndalama zoyambira kukhomedwa msonkho osunthidwa. Kuno ku Blantyre nkhani yotere sichedwa kusanduka mitengo yatsopano. Pasanathe sabata, eni nyumba ena ku Chilomoni ndi ku Kanjedza amakhala atauza kale anthu awo a lendi kuti mwezi wamawa awonjezere, ndipo eni magolosale amakhala atafufuta mitengo yakale n'kulemba ina, onse akunena kuti boma lakweza msonkho, ngakhale ambiri a iwo sangatchule kuti ndi msonkho uti wakwerawo, kapena ngati ukuwakhudza n'komwe. Amene kusintha kwa msonkho kumamupweteka kwenikweni ndi munthu wosadziwa gulu limene alimo, yemwenso alibe zolemba zotsimikizira ndalama zimene adalandira ndi zimene adagwiritsa ntchito. Musanakweze lendi kapena mtengo wa katundu, yambani mwadziwa zimenezo.

Dziwani tsiku limene lamulo layamba kugwira ntchito

Zimene nduna yanena m'Nyumba ya Malamulo sizikhala lamulo zonse nthawi yomweyo. Kusintha kwa msonkho wa katundu wolowa m'dziko kawirikawiri kumayamba pakati pa usiku wa tsiku limene bajeti yawerengedwa, kuti anthu asathamangire kukachotsa katundu wawo pa chipata cha Mwanza kapena cha Muloza mtengo watsopano usanafike, pomwe kusintha kwa VAT (msonkho wowonjezedwa pa mtengo wa katundu ndi ntchito) ndi kwa msonkho wa pa ndalama zimene munthu wapeza kumadikira kuti aphungu avomereze mabilu ake, mtsogoleri wa dziko asainire, ndipo malamulowo asindikizidwe mu Gazette, chikalata cha boma cholengezera malamulo. Pa nthawi yodikirayo chiwerengero chingathe kusintha, ndipo boma lingathe kubweza ganizo lake. Chikalata choti mudalire ndi chidziwitso chochokera ku Malawi Revenue Authority (MRA), bungwe lotolera misonkho limene lidayamba ntchito mu 2000 ndipo likulu lake ndi Msonkho House mumzinda momwe muno. Zidziwitso zake zimatuluka mu The Nation, mu The Daily Times ndi pa tsamba la bungweli la pa intaneti. Dulani chidziwitsocho kapena chijambuleni pa foni, muchisunge pamodzi ndi malisiti anu, ndipo pochiwerenga mufune mayankho a mafunso atatu: kodi wolipira ndani, kuyambira tsiku liti, ndipo msonkhowo ukuwerengedwa pa ndalama zonse zimene mwagulitsa kapena pa phindu lokha.

Musaiwalenso kuti kusintha sikubwera ndi bajeti ya kumayambiriro kwa chaka yokha. Boma limaunikanso bajeti pakati pa chaka, ndipo ndi pa kuunika kotereku, mu Novembala 2025, pamene kudalengezedwa kuti VAT, imene idakhala pa 16.5 peresenti kwa zaka zambiri, ikwera kufika pa 17.5 peresenti.

Ngati mulibe TPIN, nambala imene MRA imadziwira wokhoma msonkho aliyense, pezani imeneyo poyamba, chifukwa popanda iyo simungalowe pa Msonkho Online, njira ya MRA ya pa intaneti yoperekera mafomu ndi kulipira msonkho, ndipo ndalama zimene ena akuchotsa pa malipiro anu sizingalembedwe bwino m'dzina lanu.

Eni nyumba: lendi ndi ndalama yokhomedwa msonkho

Anthu ambiri amene adamanga mdadada ku Ndirande kapena nyumba ya mpanda ku Chinyonga ndi ndalama zawo zopumira pa ntchito amaona ngati lendi ndi nkhani ya iwo ndi munthu wokhalamo basi. Lamulo silitero. Lendi imawerengedwa pamodzi ndi ndalama zina zonse zimene mwapeza m'chakacho, ndipo njira imene msonkho wake umafikira ku MRA imatengera amene akukhala m'nyumba mwanu.

Ngati mwachititsa lendi kwa kampani, bungwe lothandiza anthu, nthambi ya boma kapena bizinesi yolembetsedwa, iwowo ali ndi udindo wochotsa msonkho pa lendiyo asanakupatseni, n'kukaupereka ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Uwu ndi umene a MRA amautcha withholding tax, ndipo pa lendi udakwera kuchoka pa 15 kufika pa 20 peresenti. Tiyerekeze kuti nyumba yanu ku Namiwawa ikuchitidwa lendi ndi bungwe pa K500,000 pa mwezi. Bungwelo lidzachotsa K100,000 ndipo mu akaunti yanu mudzalowa K400,000. Akakulipirani miyezi itatu nthawi imodzi, monga ambiri amachitira mumzinda muno, msonkhowo umachotsedwa pa ndalama yonse ya miyezi itatuyo.

Pamenepa ndi pamene eni nyumba ambiri amataya ndalama popanda chifukwa. K100,000 yochotsedwayo ndi msonkho umene mwalipiriratu, ndipo pakutha pa chaka imayenera kuchotsedwa pa msonkho wanu weniweni. Kuti zitero pamafunika zinthu ziwiri: umboni wochokera kwa wochita lendi wakuti adachotsa ndalamayo n'kuipereka pa TPIN yanu, ndiponso kuti inuyo mupereke ku MRA fomu ya pachaka yosonyeza ndalama zimene mwapeza. Umboniwo muziutenga mwezi ndi mwezi, osadikira kutha kwa chaka, chifukwa bungwe likatseka pulojekiti yake n'kuchoka m'nyumbamo, kupeza wowerengera ndalama wawo kumavuta, ndipo pamakhala ena amene amachotsa ndalamayo koma osaifikitsa kumene ikuyenera kupita.

Onani mmene masamu ake akadayendera m'chaka cha 2024/25 kwa munthu wopuma pa ntchito amene alibe ndalama ina yokhomedwa msonkho kupatula lendiyo. Pa chaka lendi yonse ndi K6,000,000, ndipo yochotsedwa ndi K1,200,000. Tinene kuti adawononga K1,200,000 ina pa kupaka penti, kusintha malata odontha, kulipira pulambala amene adakonza mapaipi, inshuwalansi ya nyumba ndi msonkho wa ku khonsolo. Yotsala yokhomedwa msonkho ndi K4,800,000. M'chaka chimenecho K150,000 yoyamba pa mwezi, kapena K1,800,000 pa chaka, inali yosakhomedwa msonkho, ndipo gawo lotsatira linkakhomedwa 25 peresenti. Ndiye kuti msonkho wake weniweni ukadakhala 25 peresenti ya K3,000,000, imene ndi K750,000. Munthuyu adachotseredwa kale K1,200,000, kutanthauza kuti adalipira K450,000 mopitirira, ndipo ali ndi ufulu wopempha kuti ibwezedwe kapena iwerengeredwe pa msonkho wam'tsogolo. Kubwezako sikuchitika mwachangu, zimenezo n'zodziwika, koma amene sadapereke fomu alibe n'poyambira pomwe.

Masamu omwewa amatembenuka ngati mwini nyumba ali pa ntchito yolipidwa pa mwezi. Mphunzitsi kapena namwino amene malipiro ake amadutsa kale pa PAYE, msonkho umene bwana amachotsa pa malipiro a pa mwezi, adagwiritsa ntchito kale gawo losakhomedwa msonkho lija pa malipirowo, choncho phindu la lendi limakhala pamwamba pa malipiro ndipo limakhomedwa kuyambira kwacha yoyamba, mwinanso pa peresenti yokwera kuposa 20 imene idachotsedwa. N'chifukwa chake boma likasuntha malire a PAYE, monga lidachitira mu 2020 pokweza gawo losakhomedwa kufika K100,000 ndi mu 2024 pofikitsa K150,000, mwini nyumba ayenera kuwerenganso masamu ake ngakhale chidziwitsocho sichikutchula lendi paliponse.

Pa zimene mungachotse pa lendi, siyanitsani kukonza ndi kuwonjezera. Kubwezeretsa chinthu pamene chinali, monga kusintha chitseko chimene chiswe chadya kapena kumata khoma losweka, ndi kukonza, ndipo ndalama yake imachotsedwa. Kumanga chipinda chatsopano, boyizikota kapena mpanda wa njerwa pamene panalibe ndi kuwonjezera chuma chanu, ndipo sikuchotsedwa ngati ndalama yokonzera ya chaka chimenecho. Vuto lalikulu apa ndi umboni. Simenti ndi penti zogula ku sitolo za zipangizo ku Limbe zimabwera ndi lisiti, koma mmisiri wa m'dera amene wagwira ntchito masiku awiri kawirikawiri alibe buku la malisiti. Konzani nokha kapepala kosonyeza tsiku, ntchito imene wagwira, nyumba yake, ndalama ndi nambala ya chiphaso chake cha unzika, iye asainire, ndipo mumulipire kudzera ku banki, Airtel Money kapena TNM Mpamba kuti uthenga wa malipirowo ukhale mboni yachiwiri.

Ngati okhala m'nyumba mwanu ndi banja wamba, palibe amene akuchotsa kanthu, ndipo udindo wonse wouza MRA ndi wolipira uli pa inu. Kusafunsidwa kwa zaka zingapo sikutanthauza kuti ngongoleyo kulibe, ndipo ikadzapezeka imabwera ndi chindapusa ndi chiwongoladzanja.

Lendi ya nyumba yogonamo sikhomedwa VAT, choncho kukwera kwa VAT pakokha si chifukwa chowonjezera peresenti iliyonse pa lendi ya banja, ngakhale kuti zipangizo zokonzera nyumbayo zimakwera pang'ono. Lendi ya sitolo, ofesi kapena nyumba yosungiramo katundu ndi yosiyana: mwini wake akadutsa malire olembetsera VAT amayenera kulembetsa ndi kuiwonjezera pa lendi. Amene adasandutsa nyumba yake ya ku Ginnery Corner kapena ku Mandala kukhala maofesi aonetsetse mbali imeneyi.

Zonsezi zilembedwe m'pangano la lendi. Panganolo linene poyera ngati chiwerengero cha lendi ndi cha msonkho usanachotsedwe, amene adzalipira msonkho wa ku khonsolo, ngati VAT ili mkati kapena idzawonjezedwa, ndiponso miyezi ya chenjezo lendi isanakwere. Mikangano yambiri ya m'masitolo a ku Limbe imayamba pamene mwini nyumba wauza wamalonda kuti akufuna ndalama yake yonse yosadulidwa. Wamalonda amene ali ndi udindo wochotsa msonkho akagonja n'kupereka yonse, MRA idzafuna msonkhowo kwa iyeyo. Ndipo ngati mwagwirizana kuti mwini nyumba azilandira K400,000 m'manja, lendi yolembedwa ikhale K500,000, osati K480,000 monga ena amawerengera powonjezera 20 peresenti pamwamba, chifukwa 20 peresenti ya K480,000 ikachotsedwa pamatsala K384,000.

Amalonda: malire amaima, kwacha ikuyenda

Kwa mwini golosale, saluni, lesitilanti kapena shopu yogulitsa zipangizo za galimoto, chinthu choyamba kuyang'ana pa bajeti iliyonse ndi malire, chifukwa ndiwo amanena gulu lanu. Mu 2021 boma lidakhazikitsa msonkho wa amalonda ang'onoang'ono wotchedwa presumptive tax, wa amene zogulitsa zawo sizipitirira K12.5 miliyoni pa chaka. Pokhazikitsidwa, wogulitsa zosapitirira K4 miliyoni sankalipira kanthu, ndipo ena ankalipira ndalama yoikika malinga ndi gawo lawo, kuyambira K110,000 mpaka K225,000 pa chaka, popanda kuwerenga phindu. Malire olembetsera VAT nawo adakwezedwa kuchoka pa K10 miliyoni kufika pa K25 miliyoni pa chaka. Ziwerengero zotere zimasinthidwa m'mabajeti, choncho tengani za chaka chino ku MRA, koma mmene zimagwirira ntchito sizisintha: zimayang'ana ndalama zonse zimene mwagulitsa, osati zimene mwapindula.

Izi n'zofunika chifukwa kwacha idatsika mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya shuga, sopo ndi mafuta ophikira idakwera motsatira. Golosale ya ku Zingwangwa imene ikugulitsa mapaketi a shuga ochuluka chimodzimodzi monga kale tsopano imaponya m'kabati ndalama zochuluka kwambiri madzulo aliwonse, pomwe mwini wake sakulemera, mwinanso akudya mpamba. Koma pa pepala iye wakula. Werengani nokha: K35,000 pa tsiku kwa masiku 360 ndi K12.6 miliyoni, ndipo K70,000 pa tsiku ndi K25.2 miliyoni. Anthu ambiri amene amadzitchula kuti ali ndi kageni chabe adadutsa malire amenewo kalekale osadziwa, lamulo lisanasinthe ngakhale chilembo chimodzi. Pa malire a VAT pamawerengedwa katundu ndi ntchito zokhomedwa VAT, choncho wogulitsa katundu wosiyanasiyana alembe padera zimene sizikhomedwa.

Njira yake ndi kope limodzi lachikuto cholimba. Madzulo aliwonse mukatseka, lembani tsiku, ndalama zogulitsa za m'manja, za pa foni, ndi ngongole zimene mwapereka; tsamba lina likhale la katundu amene mwaoda ndi malisiti ake omata. Pakutha pa mwezi phatikizani, ndipo muphatikizenso miyezi 12 yapitayo kuti muone pamene muli poyerekeza ndi malire. Ndalama za bizinesi zikhale ndi akaunti kapena nambala ya foni yakeyake, chifukwa zikasakanikirana ndi zimene achibale amatumiza za sukulu ndi za maliro, wofufuza wa MRA angaziwerenge zonse ngati zogulitsa, ndipo kudzakhala kwa inu kutsimikiza kuti si choncho. Mukadutsa malire a msonkho wa amalonda ang'onoang'ono mumayamba kukhomedwa pa phindu, ndipo pamenepo kope lija ndilo limakupulumutsani, popeza lendi ya shopu, magetsi a ESCOM, madzi, malipiro a antchito ndi mtengo woodera katundu zimachotsedwa pokhapokha pali umboni. Kampani yolembetsedwa imakhomedwa 30 peresenti pa phindu, choncho musathamangire kusandutsa geni yanu kampani musanakhale pansi ndi wowerengera ndalama wovomerezeka ndi ICAM, bungwe la akatswiri owerengera ndalama.

VAT ikasintha, chimene muchite chimatengera ngati mudalembetsa. Wosalembetsa saloledwa kulemba VAT pa lisiti yake. Iye amaimva pa mtengo woodera basi. Ndipo kukwerako n'kochepa kuposa mmene anthu amakuonera: katundu wa K100,000 amene ankafika K116,500 ndi VAT ya 16.5 peresenti amafika K117,500 pa 17.5 peresenti, kusiyana kwa K1,000 yokha. Wokweza mitengo yake ndi 10 peresenti m'dzina la VAT akungothamangitsira makasitomala kwa mnzake wa pafupi. Wolembetsa ayenera kusintha mitengo ndi makina ake pa tsiku lenileni limene lamulo layamba, kupereka fomu ya mwezi pofika pa 25 mwezi wotsatira ngakhale asanagulitse kanthu, ndi kuchotsa VAT imene adalipira pooda pa imene watolera, zimene zimatheka ngati ali ndi lisiti yovomerezeka. Kuyambira mu 2014 malisiti oterowo ankatuluka pa makina a EFD, ndipo kuyambira mu 2025 MRA yakhala ikusamutsira amalonda ku njira yatsopano ya EIS, imene imatumiza zogulitsa ku bungweli pa intaneti. Wogulitsa mopikulitsa akakuuzani kuti mtengo ndi wotsika mukapanda kutenga lisiti, dziwani kuti zimene mwapulumutsa pa kauntala mudzazibweza potaya VAT imene mukadachotsa ndi umboni wa mtengo woodera.

Yang'ananinso mndandanda wa katundu, osati peresenti yokha, chifukwa katundu amachotsedwa ndi kubwezeredwa pa VAT. Mafuta ophikira ndi madzi a m'mipopi adachotsedwa pa VAT mu bajeti ya 2022/23, ndipo wamalonda wolembetsa amene sadasinthe makina ake pa katundu wotere amatolera msonkho umene kulibe.

Amene amagulitsa katundu ku makampani, masukulu kapena ku boma nayenso amachotseredwa msonkho pa malipiro ake, ndipo zonse zanenedwa za umboni wa eni nyumba zikumukhudza. Wolipira bwino angapemphe ku MRA chiphaso chomuchotsa pa kudulidwa kumeneku, komanso chiphaso chosonyeza kuti alibe ngongole ya msonkho, chimene chimafunsidwa popikisana pa makontirakiti a boma ndi m'malo ena ambiri.

Antchito ndi khonsolo

Ngati muli ndi antchito, malire a PAYE akasintha sinthani kawerengedwe ka malipiro mwezi womwewo, ndipo perekani zochotsedwazo pofika pa 14 mwezi wotsatira. Pamwamba pake pali 1 peresenti ya TEVET yothandizira maphunziro a ntchito zamanja, imene MRA imatolera pa malipiro onse, ndi penshoni, imene bwana amaika 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti. Msonkho wa nyumba wa ku Blantyre City Council ndi chiphaso cha bizinesi si za MRA. Zimalipiridwa ku khonsolo, imene maofesi ake ali ku Civic Centre ku Chichiri, ndipo msonkho wa nyumbawo umakwera khonsolo ikawerengeranso mitengo ya nyumba kapena ikasintha bajeti yake. Kulipira kumodzi sikufafaniza kwina.

Masiku olipira ndi zochita mukalandira kalata yosakukomerani

Munthu amene amapeza ndalama zosadutsa pa PAYE, monga phindu la bizinesi kapena lendi, amayembekezeka kulipiriratu msonkho kanayi pa chaka, pasanathe masiku 25 chithereni miyezi itatu iliyonse, ndipo zolipiriratuzo pamodzi ndi zimene ena adamuchotsera zifike 90 peresenti ya msonkho wake weniweni wa chakacho. Fomu ya pachaka imaperekedwa pasanathe masiku 180 chithereni chaka chanu cha zowerengera. Peresenti ikasintha pakati pa chaka, werenganinso zimene mukuyenera kulipira m'magawo otsalawo, ndipo njira yosavuta ndiyo kupatula gawo la msonkho tsiku limene lendi yalowa, lisanasakanikirane ndi ndalama ya ndiwo.

Mukalandira kalata ya MRA yonena kuti muli ndi ngongole imene simukugwirizana nayo, musaiike m'kabati, chifukwa nthawi yodandaula ndi yoikika ndipo imayamba kuwerengedwa kuchokera pa kalatayo. Malamulo a 2021, Tax Administration Act ndi Revenue Appeals Tribunal Act, amapereka njira yake: mumayamba mwalembera Commissioner General, mkulu wa MRA, kufotokoza chiwerengero chimene mukuchikana ndi chifukwa chake, mutaphatikiza mapangano a lendi, malisiti, masitetimenti a ku banki ndi umboni wa msonkho umene ena adachotsa, ndipo yankho lake likapanda kukukhutiritsani mumapita ku bwalo lomva madandaulo a zamisonkho. Sungani kope la kalata yanu lodindidwa tsiku limene mwaipereka. Ngati ngongoleyo ndi yoona koma simungaikwanitse nthawi imodzi, pemphani mwa kalata kuti muzilipira pang'onopang'ono, musanafike potsekeredwa akaunti. Malipiro onse adutse ku banki kapena njira ina yovomerezeka pogwiritsa ntchito nambala yolipirira yochokera pa Msonkho Online, ndipo munthu aliyense wobwera pa shopu panu m'dzina la MRA aonetse chiphaso chake cha ntchito ndi kalata yomutuma, ndipo asalandire ndalama m'manja.